Zeitz MOCAA ku Cape Town: nkhokwe yambewu yomwe inasanduka nyumba ya zaluso

Nyumba zambiri zoonetseramo zaluso zimamangidwa mwa njira yoti munthu akalowa aiwale makoma n'kumayang'ana zomwe zapachikidwapo, koma Zeitz Museum of Contemporary Art Africa, yomwe anthu amangoitchula kuti Zeitz MOCAA, si yotero, chifukwa chinthu choyamba kugwira maso a mlendo, chomwenso amatsala nacho m'mutu akatuluka, ndi nyumba yeniyeniyo. Ili padoko la V&A Waterfront mumzinda wa Cape Town ku South Africa, ndipo inatsegulidwa pa 22 September 2017 m'nkhokwe yakale yakonkire yomwe kwa zaka zoposa 70 inkasunga chimanga, tirigu ndi mapira zodikira kukwezedwa m'sitima zapamadzi. Kuona kwanga n'kwakuti malowa ndi oyenera kufikako, ngakhale kwa munthu amene zojambula sizimukhudza kwenikweni, koma ndi malonso amene sangayamikiridwe mokwanira popanda kufunsa kuti ndani amene amatha kulowamo, ndiponso kuti kukongola kwake kukupindulitsa yani mumzinda umene nkhani ya malo okhala ndi bala losapola.

Nkhokweyi inamalizidwa mu 1924, ndipo pokhala yotalika mamita 57, kwa zaka zambiri inali nyumba yayitali kuposa zonse m'chigawo cha Africa cha kummwera kwa chipululu cha Sahara. Mbewu zinkabwera pasitima yapamtunda kuchokera kuminda yakutali, n'kuyezedwa, kupetedwa, kusankhidwa, kenaka kuthiridwa m'zipinda zazitali zozungulira. Ntchitoyi inatha mu 2001, kanyamulidwe ka katundu panyanja katasintha, ndipo chimphona chakonkirecho chinangokhala chilili kwa zaka zoposa khumi pamene mbali zina za dokoli zinali zitasanduka kale masitolo, mahotela ndi malo odyera. Kuigwetsa sikunali kwapafupi, popeza lamulo la dzikolo loteteza zinthu zakale la 1999 sililola kugumula kapena kusintha nyumba yomwe yapitirira zaka 60 popanda chilolezo cha akuluakulu oona za mbiri.

Vuto lomwe katswiri wokonza mapulani wa ku Britain, Thomas Heatherwick, anakumana nalo linali lachilendo. Mbali yaikulu ya nyumbayi sinali ndi chipinda chilichonse choti munthu n'kuimamo, koma mapaipi akonkire 42 oimirira mothinana, lililonse lotalika mamita 33 ndi lotambalala mamita asanu ndi theka. Iye ndi anzake anatenga njere imodzi ya chimanga, n'kuijambula pakompyuta, n'kuikulitsa mpaka kufika mamita 27, ndipo amisiri anadula mapaipiwo potsata maonekedwe a njereyo kufikira pakati pa nyumbayo panatseguka bwalo lalikulu. Popeza konkire yakaleyo inali yopyapyala, yochindikala pafupifupi masentimita 17 okha, anayamba athira konkire yatsopano yazitsulo m'kati mwa mapaipi kuti asaphwasuke, kenaka n'kudula zonse ziwiri pamodzi.

Chotsatira chake ndi bwalo lomwe munthu akaimamo amangokweza mutu osafuna. Likuoneka ngati mtolo wa nsungwi zazikulu umene wadulidwa mopendeketsa ndi chikwanje chakuthwa, mphako zonse n'kuonekera, zina zozungulira bwino, zina zosongoka ngati tsamba. Ndikulangiza mlendo aliyense kuti asathamangire kujambula chithunzi ali patali, koma asendere kufupi ndi pamene macheka anadutsa. M'mphepete modulidwamo anapukutamo mpaka kusalala, moti timiyala tomwe amisiri a zaka zana zapitazo anasakaniza ndi simenti tikuoneka todukaduka pakati, ndipo pali mzere woonekeratu pamene konkire yakale yokhakhala ikukumana ndi yatsopano yotuwa. Kuwala kumatsika kuchokera kudenga, kumene mapaipi odulidwawo anavundikiridwa ndi magalasi olembedwa zizindikiro za mmisiri wa ku Togo, El Loko, amene anamwalira mu 2016 nyumbayi isanatsegulidwe. Zikepe ziwiri zozungulira zimakwera ndi kutsika m'kati mwa mapaipi otseguka mbali imodzi, ndipo m'paipi ina muli masitepe okhotakhota omwe munthu wamantha ndi malo okwera angachite bwino kuwapewa.

Pansi penipeni pali ngalande zakale zomwe mbewu zinkadutsamo, ndipo apa okonza nyumbayi anachita bwino posiya zitsulo zadzimbiri, zitseko zotsegulira mbewu ndi mipita yake monga momwe zinalili. Kwa ine malo amenewa ndi amene akunena zoona zambiri m'nyumba yonseyi, chifukwa ndi pokhapo pamene munthu amakumbukira kuti muno munali fumbi, phokoso ndi thukuta la anthu. Ndikadakonda mbiri ya antchito a padoko ikadapatsidwa malo okulirapo. Doko limeneli linamangidwa mwa zina ndi akaidi, kuyambira mu 1860, ndipo mu 1901, mliri wa makoswe utabuka, anthu akuda ambiri ogwira ntchito padoko anachotsedwa mumzinda n'kukaikidwa ku Ndabeni. Nyumba yomwe imanena kuti ikuimira Africa ili ndi chifukwa chokwanira chofotokozera nkhani imeneyi mokweza.

Mukachoka pabwalo n'kulowa m'zipinda zoonetseramo zaluso, chidwi chimatsikako. Zipindazi zilipo pafupifupi 80, zomwe zonse pamodzi zimatenga malo okwana masikweyamita 6,000, ndipo zambiri ndi zazing'ono, zoyera mbuu, zopanda mazenera, zofanana kwambiri moti n'kosavuta kusokonezeka kuti uli pansanjika iti. Chifukwa chake n'chomveka: zojambula zimafuna mpweya ndi kuwala koyang'aniridwa bwino, ndipo eni zojambula zamtengo wapatali sangabwereke katundu wawo kunyumba yopanda zimenezo. Komabe munthu akalowa m'zipindazi amasiyana ndi nkhokwe ija kotheratu, ndipo palibe chomuuza kuti ali ku Cape Town osati ku Berlin kapena ku New York. Ntchito zazikulu, monga nsalu zolukidwa zodzaza khoma lonse kapena zosema zofuna kuzizungulira, nthawi zina zimaoneka zopanikizika. Bwalo lapakati nalo lili ndi vuto lake, lakuti ndi lamphamvu kwambiri moti si ntchito iliyonse ingaime pamenepo osamezedwa. Chinjoka chouluka chopangidwa ndi mphira ndi nsalu cha Nicholas Hlobo, chomwe chinapachikidwa pamenepo potsegulira, chinakwanitsa chifukwa cha kukula ndi kuopsa kwake.

Za zoonetsedwazo, tiyenera kusiyanitsa nyengo ziwiri. Poyamba nyumbayi inadalira kwambiri zaluso zomwe anasonkhanitsa Jochen Zeitz, wamalonda wa ku Germany amene kale ankatsogolera kampani ya Puma, ndipo anazipereka mobwereketsa kwa nthawi yaitali. Anthu ambiri odziwa zaluso anadandaula poyera kuti nyumba yaikulu chotere yonena za Africa ikutchedwa dzina la Mjeremani, inakonzedwa ndi Mngelezi, ndipo zosankhidwazo zikutsata diso la munthu mmodzi ndi alangizi ake ochepa. Mkulu woyamba wa nyumbayi, Mark Coetzee, anatula pansi udindo mu 2018 pamene bodi inayamba kufufuza za kagwiridwe kake ka ntchito, ndipo kwa kanthawi zinkaoneka ngati nyumbayi idzangokhala chokopa alendo chopanda mzimu.

Zinthu zinasintha mu 2019 atafika Koyo Kouoh, mayi wobadwira ku Cameroon amene anayambitsa malo a zaluso a RAW Material Company ku Dakar. Iye anachepetsa chizolowezi chounjika ntchito za anthu ambirimbiri pamodzi, n'kuyamba kupereka nsanjika yathunthu kwa mmisiri mmodzi kuti owonera atsatire ntchito yake kuchokera pachiyambi, monga anachitira ndi Otobong Nkanga, Tracey Rose ndi Johannes Phokela. Zipinda zing'onozing'ono zija zimagwira bwino ntchito pa kaonetsedwe kotereka, chifukwa chipinda chilichonse chimakhala gawo limodzi la moyo wa mmisiriyo. Anatsegulanso malo otchedwa Atelier, kumene amisiri monga Kemang Wa Lehulere ndi Igshaan Adams ankagwirira ntchito yawo m'nyumba momwemo anthu akuona. Chionetsero cha When We See Us, chomwe chinatsegulidwa mu November 2022, chinasonkhanitsa zojambula pafupifupi 200 za zaka zana zosonyeza anthu akuda akusangalala, akupuma, akupemphera ndi kukondana, ndipo pambuyo pake chinakaonetsedwa ku Basel, zomwe n'zosowa, popeza kawirikawiri zionetsero zazikulu zimachokera ku Ulaya kubwera ku Africa osati kubwerera.

Koma chomwe ndimachiona kukhala chofunika kuposa zonse pa zomwe anachita ndi chionetsero cha mu October 2020, nyumbayi itatsegulidwanso pambuyo pa kutsekedwa chifukwa cha Covid-19. Anaitana anthu onse a mu Cape Town kuti abweretse zaluso zomwe ali nazo kunyumba, zopanga okha kapena zosungidwa m'banja, ndipo ntchito pafupifupi 2,000 za ana, za ophunzira, za agogo ndi za akatswiri zinadzaza makoma kuyambira pansi mpaka kudenga pansi pa mutu wakuti Home Is Where the Art Is. Munthu amene chithunzi chake chapachikidwa m'nyumba yotere amabwera ndi abale ake kudzachiona, ndipo umo ndi mmene anthu amene ankaiona ngati ya alendo okha analowera pakhomo pake. Kouoh anamwalira pa 10 May 2025 ali ndi zaka 57, miyezi ingapo atasankhidwa kukhala mayi woyamba wa ku Africa kutsogolera chionetsero chachikulu cha Venice Biennale, ndipo imfa yake inasiya mpata waukulu panyumbayi.

Tsopano nkhani ya khomo. Potsegulira mu 2017 tikiti ya munthu wamkulu inali R180, ndipo yakhala ikukwera kuyambira pamenepo. Kwa mlendo wochokera ku Ulaya ndalama imeneyi si kanthu, koma malipiro ochepetsetsa omwe boma la South Africa linakhazikitsa mu January 2019 anali R20 pa ola, kutanthauza kuti tikiti imodzi inali yofanana ndi maola asanu ndi anayi a ntchito. Oyendetsa nyumbayi anaganizirapo ndithu: ana osakwana zaka 18 amalowa ulere, ndipo nzika za maiko onse a mu Africa zimalowa ulere Lachitatu kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 1 koloko masana zikaonetsa chiphaso. Ndondomekoyi ndi yabwino ndipo ndikuiyamikira, makamaka chifukwa sisankha nzika za South Africa zokha. Chokhumudwitsa n'chakuti Lachitatu m'mawa ndi nthawi imene wantchito wa m'nyumba, mlonda, kalaliki ndi mphunzitsi ali pantchito, choncho mwayiwu umafikira kwambiri ophunzira, opuma pantchito ndi alendo. Tikawonjezapo mtengo wa ulendo wochokera ku Khayelitsha, mtunda wa makilomita pafupifupi 30, tikuona kuti ulerewo uli ndi malire ake.

Apa ndi pamene funso la eni malo limalowa. N'zoona, ndipo tiyenera kunena mosabisa, kuti palibe banja lomwe linathamangitsidwa kuti Zeitz MOCAA imangidwe. Nkhokweyo inali yopanda anthu, ndipo pa njira zonse zogwiritsira ntchito nyumba yosiyidwa, iyi ndi imodzi mwa zabwino. Koma ndalama zokonzera, zokwana R500 miliyoni, zinachokera ku kampani ya V&A Waterfront, yomwe ntchito yake ndi kubwereketsa malo. Eni ake ndi Growthpoint Properties ndi Public Investment Corporation, omwe anagula dokoli mu 2011 pamtengo wa R9.7 biliyoni. Kuzungulira nkhokweyi kunamangidwa dera lonse lotchedwa Silo District, lokhala ndi maofesi a makampani akuluakulu azachuma, nyumba zogona zamtengo wapatali, malo olimbitsira thupi ndi mahotela, ndipo nsanjika zisanu ndi imodzi zapamwamba pa nsanja ya nkhokweyo, zomwe zili ndi mazenera otukumuka amene amawala usiku, si za zaluso ayi, ndi hotela ya The Silo ya zipinda 28, imodzi mwa zodula kwambiri mumzindawo. Palibe chobisika pamenepa. Nyumba ya zaluso imapatsa dera dzina ndi ulemu, ndipo dzinalo limakweza lendi ya chilichonse choyandikana nayo. Chodabwitsa chake n'chakuti Public Investment Corporation imasunga ndalama za penshoni za ogwira ntchito m'boma, kotero anamwino ndi aphunzitsi ali ndi gawo pa malo amene ambiri a iwo sangakwanitse kukhalapo.

Chaka chomwe nyumbayi inatsegulidwa chinalinso chaka cha mkangano waukulu wa malo okhala. Mu March 2017 anthu a gulu la Reclaim the City analowa m'nyumba ziwiri zaboma zomwe zinali zitasiyidwa, chipatala chakale cha Woodstock ndi nyumba yogona anamwino ya Helen Bowden ku Green Point, pafupi ndi dokoli, n'kuzipatsa mayina atsopano akuti Cissie Gool House ndi Ahmed Kathrada House. Ankatsutsa kugulitsidwa kwa malo aboma a Tafelberg ku Sea Point pamtengo wa R135 miliyoni m'malo momangapo nyumba zotsika mtengo. Choncho m'dera limodzi, m'chaka chimodzi, nyumba ziwiri zosiyidwa, nkhokweyi ndi ya Helen Bowden, zinapatsidwa moyo watsopano, ina ndi mamiliyoni ndi mwambo wotsegulira, ina ndi anthu osowa pokhala amene akhala akuopsezedwa kuti achotsedwa.

Kuti munthu amvetse kumene njira imeneyi imathera ikafika m'dera lokhala anthu, ayenera kupita ku Woodstock, makilomita ochepa chakum'mawa. Dera limeneli linapulumuka kusamutsidwa kwa nthawi ya tsankho komwe kunafafaniza dera loyandikana nalo la District Six kuyambira mu 1966 n'kuchotsa anthu oposa 60,000, ndipo linakhalabe la anthu amitundu yosakanikirana ogwira ntchito m'mafakitale a nsalu ndi zakudya. Mafakitalewo atatsekedwa, nyumba zake zinakopa amisiri chifukwa zinali zazikulu, zowala ndi zotsika lendi. Pambuyo pa amisiri panabwera ogulitsa zaluso, malo odyera ndi msika wa Loweruka pa fakitale yakale ya mabisiketi ya Old Biscuit Mill pamsewu wa Albert, ndipo pambuyo pa iwo panabwera ogula malo. Mabanja a mumsewu wa Bromwell, kufupi ndi msikawo, amene ena anakhalamo mibadwo ingapo, anapeza kuti nyumba zawo zagulidwa mu 2013, ndipo khonsolo ya mzinda inafuna kuwapititsa ku Wolwerivier, makilomita pafupifupi 30 kunja kwa mzinda. Mlandu wawo unatenga zaka zambiri mpaka mu December 2024, pamene khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula mowakomera, kuti khonsolo iyenera kuwapezera pokhala mongoyembekezera m'kati mwa mzinda kapena pafupi napo. Zeitz MOCAA ilibe mlandu pa nkhani ya Bromwell, ndipo kungakhale kupanda chilungamo kuisenzetsa. Ndaitchula chifukwa amisiri ambiri amene ntchito zawo zimaonetsedwa m'nkhokweyi akulankhula za kulandidwa malo ndi kusamutsidwa, ndipo woonera amene sakudziwa zomwe zikuchitika kunja kwa khomo adzaziona ngati nkhani zakale.

Anthu amakonda kuyerekeza nyumbayi ndi Tate Modern ya ku London, yomwe inatsegulidwa mu 2000 m'nyumba yakale yopangira magetsi ya Bankside. Kufananako kulipo, koma kusiyana kwake ndi kumene kuli ndi phunziro: ku Tate Modern munthu amalowa ulere tsiku lililonse kukaona zaluso zosungidwa, chifukwa boma limathandiza, pamene Zeitz MOCAA ndi bungwe losachita phindu lomwe limadalira matikiti, mamembala ndi opereka thandizo. Ngakhale kumeneko kukwera mtengo kwa malo kunabwera ndi zake, moti eni nyumba zodula zamagalasi zomwe zinamangidwa moyandikana anaisumira Tate chifukwa alendo ake ankawasuzumira, ndipo mu 2023 khoti lalikulu la dzikolo linawakomera.

Sitolo ya pansi ili ndi mabuku abwino a zaluso za mu Africa omwe amavuta kuwapeza kwina, ndipo mabuku ofotokoza zionetsero za nyumbayi ndiwo oyenera ndalama yanu kuposa tizikumbutso tina tonse. Malo odyera a pamwamba ndi a mitengo ya dera la alendo, ndipo chomwe mumalipira kwenikweni ndi kuona phiri la Table Mountain ndi doko kudzera m'mazenera otukumuka aja. Amene akufuna kusunga ndalama angakwere kukaona bwalo la zosema la padenga, kumene amayenda pamwamba pa magalasi a El Loko n'kuyang'ana pansi m'mapaipi, kenaka n'kukadya kwina.

Kwa amene akukonza ulendo, maola atatu ndi okwanira, ndipo njira yabwino ndi kukwera chikepe mpaka pamwamba n'kumatsika nsanjika imodziimodzi kufikira kungalande zapansi, chifukwa mukayambira pansi miyendo imatopa musanafike kuzionetsero zikuluzikulu. Yang'aniranitu zomwe zikuonetsedwa nthawi imeneyo, popeza nsanjika zina zimatsekedwa pamene akusintha chionetsero, ndipo phindu la tikiti yanu limadalira kwambiri zimenezo. Ngati muli nzika ya dziko la mu Africa, pitani Lachitatu m'mawa mutatenga chiphaso chanu kapena pasipoti, ndipo ngati muli ndi ana, atengeni, chifukwa salipira ndipo nyumbayi ili ndi gawo la maphunziro lomwe limalandira magulu a sukulu. Pa kamangidwe ndikuipatsa ulemu wonse, pa zionetsero za kuyambira 2019 ndikuiyamikira kwambiri, koma pa kufikirika kwa anthu a mumzinda wake ndikadaikweza pokhapokha maola aulere aja atafikanso Loweruka kapena Lamulungu, masiku amene anthu ogwira ntchito angathe kubwera ndi mabanja awo.